Matenda Obisala m'Khola: Chibayo cha Ng'ombe ndi Chimfine cha Nkhuku

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi m'nthawi ya alimi. Taisindikiza pano kuti mafumu aiwerengetse pa bwalo.



Lero ndifuna kukamba nanu za matenda a ziweto amene sabwera ndi phokoso. Chitopa tonse tichidziwa. Chikalowa m'mudzi, pakutha sabata imodzi kapena ziwiri makola a nkhuku ali mbee, ndipo palibe munthu afunsa kuti chachitika n'chiyani. Chigodola cha nkhumba chimodzimodzi. Koma alipo matenda ena oyenda pang'onopang'ono, ogwira chiweto chimodzi lero, china mwezi wamawa, ndipo zina mwa zodwalazo zimadzuka n'kuyambanso kudya, mwini wake n'kumati zachira. Nkhani yanga yagona pamenepo. Pa matenda amene ndikambe lero, chiweto chooneka chochira chija ndicho chimasunga nthenda m'khola, ndiponso ndicho chimaipititsa ku mudzi wina.

Matendawa amayamba ndi tizilombo timene madokotala amatitcha Mycoplasma. Dzina la Chichewa tilibe, pakuti palibe munthu anationapo ndi maso ake. Ndi ta gulu la mabakiteriya, koma m'gulu lonselo ndi tina mwa tating'ono koposa, kotero kuti ngakhale pa makina wamba oonera tizilombo m'chipatala timavuta kuoneka. Oyamba kutilera kunja kwa thupi la nyama anali akatswiri awiri a ku France, Edmond Nocard ndi Emile Roux, m'chaka cha 1898, ndipo anatitenga m'madzi a m'chifuwa cha ng'ombe yodwala.

Chinthu chimodzi cha tizilomboti ndifuna muchisunge. Mabakiteriya ambiri ali ndi chigoba cholimba kunja kwake, monga nkhono. Mankhwala a penicillin, pamodzi ndi abale ake monga amoxicillin, amapha tizilombo poononga chigobacho. Tsono Mycoplasma alibe chigoba konse. Penicillin akafika apeza palibe choti aswe. Chifukwa chake mlimi wothamangira ku sitolo kukagula botolo la penicillin kuti abaye ng'ombe ya nthenda iyi wangotaya ndalama zake. Komabe kusowa chigobako kuli ndi ubwino wake kwa ife, pakuti kunja kwa thupi la chiweto tizilomboti sitikhalitsa. Dzuwa limatipha, kuuma kumatipha, sopo ndi mankhwala otsukira khola amatipha msanga. Sitingathe kudikira m'dothi zaka ndi zaka monga tichitira tizilombo ta anthrax. Kawirikawiri kuti tifike kwanu tiyenera kubwera m'thupi la chiweto chamoyo, choyenda ndi miyendo yake kapena chokwezedwa pa galimoto kaya pa njinga.

Mitundu ya Mycoplasma ilipo yoposa zana limodzi, ndipo uliwonse uli ndi nyama yake. Wa chibayo cha ng'ombe sagwira nkhuku, wa nkhuku sagwira mbuzi, ndipo onse awiri sagwira munthu. Anthu ali ndi wawo, amene ndimutchule kumapeto.

Tiyambe ndi ng'ombe. Nthenda yake ndi chibayo chopatsirana, chimene m'mabuku a Boma amachilemba ndi malemba anayi, CBPP. Kum'mwera kwa Africa chinafika pa sitima ya pamadzi. M'chaka cha 1853 nkhunzi yochokera ku Holland inatsitsidwa pa doko la Mossel Bay ku South Africa. Masiku amenewo katundu yense ankayenda pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, ndipo nthenda inayenda ndi ngolozo. Pa zaka ziwiri zokha ng'ombe zoposa 100,000 zinafa. Ku Australia chinalowa mu 1858 ndi ng'ombe imodzi yochokera ku England, ndipo dzikolo linalengeza kuti lachithetsa mu 1973. Werengani nokha: ng'ombe imodzi, zaka 115.

Musaganize kuti izi ndi nkhani zakale kapena za kutali. Ku Tanzania nthendayi inali itatha, koma inalowanso mu 1990 kuchokera ku Kenya, ndipo m'zaka zochepa inatsika ndi ng'ombe za amalonda ndi za abusa oyendayenda mpaka m'zigawo za Mbeya ndi Rukwa, kufupi ndi malire athu a kumpoto. Ku Zambia inalowanso mu 1997 m'chigawo cha kumadzulo, kuchokera ku Angola. Ku Botswana inapezeka mu 1995 m'chigawo cha Ngamiland. Boma la kumeneko litaona kuti mipanda siikuletsa, linapha ng'ombe zonse za m'chigawocho, pafupifupi 320,000, zodwala ndi zosadwala zomwe. Eni ake analipidwa, ndipo pambuyo pake Boma linabweretsa ng'ombe zina, koma inu amene muli ndi makola mudziwa kuti ndalama siilowa m'malo mwa ng'ombe imene munailera kuyambira ili thole. Anachita chinthu chowawa chotere chifukwa panalibe njira yosankhira ndi maso ng'ombe yonyamula nthenda pakati pa zinzake.

Tsono inu mafumu a ku Chitipa ndi Karonga, ndi inu a ku Rumphi, Mzimba, Kasungu ndi Mchinji, nkhani iyi ndi yanu makamaka. Mtsinje wa Songwe m'chilimwe ng'ombe zimaoloka bwinobwino, ndipo kumalire a kumadzulo njira zodutsa m'tchire ndi zambiri kuposa zipata za Boma. Wa Boma sangakhale pa njira iliyonse usiku. Amene adziwa kuti m'khola la uje mwalowa ng'ombe zachilendo ndi inu eni mudzi.

Kodi ng'ombe ya chibayo iwoneka bwanji? Ikalandira tizilombo siidwala pomwepo. Pamapita masabata atatu kapena asanu ndi limodzi, ndipo nthawi zina mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Woyamba kuona ndi mbusa, osati mwini ng'ombe, choncho funsani ana anu madzulo pamene atsekera. Mbusa adzakuuzani kuti ng'ombe yakuti ikutsalira m'mbuyo pobwera kudambo, ikuima yokha pamthunzi zinzake zikudya, yaleka kubzikula. Thupi lake limatentha, ndipo ngati ili yoyamwitsa mkaka umachepa. Kutsokomola kwake poyamba n'kwapansipansi, kouma, ndipo mudzakumva makamaka m'mawa pozitulutsa m'khola kapena mukazithamangitsa pang'ono. Ndicho chifukwa chake alangizi a ziweto akafika amati tazithamangitsani, kenaka aima n'kumamvetsera.

Nthenda ikakula, kaimidwe ka ng'ombe n'kosaiwalika kwa munthu amene wakaonapo kamodzi. Imaima itatambasula khosi, mutu uli pansi, kamwa lili yasa, msana utapindika, miyendo yakutsogolo itatangadza ndipo zigongono zitayang'ana kunja. Imakonda kupenya kumene kukuchokera mphepo. Imachita zonsezi chifukwa m'nthiti mukupweteka ndipo ifuna kupatsa chifuwa malo. Kupuma kwake n'kwafupikafupika, ndipo potulutsa mpweya imabuula. Mukaikanikiza pakati pa nthiti imathawa dzanja lanu. M'mphuno mumatuluka mamina, kukamwa dovu, ndipo zina zimatupa pansi pa khosi ndi pachifuwa. Ikafika pogona, masiku ake atsala ochepa. M'khola limene nthendayi siinalowemo ndi kale lonse, theka la ng'ombe zodwala lingathe kufa.

Mathole osafika miyezi isanu ndi umodzi amadwala mwa njira ina. Kawirikawiri chifuwa chawo sichigwidwa kwambiri, koma amatupa mfundo za miyendo n'kumatsimphina. Mukaona mathole otupa mawondo pamene amawo akutsokomola, muziika zinthu ziwirizo pamodzi.

Ndichenjeze pano kuti matenda a nkhupakupa nawonso amabanikitsa ng'ombe, ndipo ikamafa imatuluka thovu m'mphuno. Kusiyana kwake n'kwakuti ya nkhupakupa imatupa anabere pansi pa makutu ndi patsogolo pa mapewa. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe nachonso chimatsokomoletsa ndi kuondetsa. Kotero musaweruze nokha. Ntchito yanu ndi kuona ndi kunena. Kutchula dzina la nthenda ndi ntchito ya dokotala wa ziweto, amene amatenga magazi ndi zidutswa za mapapo n'kuzitumiza ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe.

Ng'ombe ikafa kapena mukaipha, umboni uli m'chifuwa. Osenda nyama asafulumire kutaya zam'kati kapena kuponyera agalu mapapo. Mukatsegula nthiti mudzapeza madzi achikasu, nthawi zina odzaza ndowa yathunthu, ndipo m'madzimo muli zibuma zachikasu zonga dzira lokazinga. Nthawi zambiri papo logwidwa ndi limodzi lokha, linzake lili bwino. Papo labwino ndi lofewa ndipo limayandama m'madzi. Lodwalali ndi lolemera, lolimba ngati chiwindi, ndipo limamira. Mukalidula ndi mpeni mudzaona timabwalo tofiira, totuwa ndi tachikasu, togawidwa ndi mizere yoyera yokhuthala. Mu ng'ombe imene yadwala nthawi yaitali, papo limamatirira ku nthiti kotero kuti silichoka popanda kung'ambika. Mukaona zotere, ikani mapapowo pamthunzi m'chotengera, ndipo mutume mwana wa njinga kwa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Tsopano tafika pa ng'ombe yochira ija. Si zonse zodwala zimafa. Zambiri zimadzuka, kutentha thupi kumatha, zimayambanso kudya ndi kubzikula, ndipo zina zimanenepa ndithu. Chimene chachitika m'kati ndi ichi: thupi lalephera kupha tizilombo tonse, tsono lamanga chikopa cholimba kuzungulira mbali yovunda ya papo, monga munthu amanga mpanda kuzungulira chitsime chakugwa. Thumba limeneli lingakhale laling'ono ngati mtedza, lina ngati dzira, lina ngati papaya. M'kati mwake muli nyama yakufa ya papo, ndipo m'nyamamo tizilombo tingakhale ndi moyo chaka chathunthu kapena kupitirira. Pa ng'ombe zinayi zochira, pafupifupi imodzi imatsala yotere. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ng'ombe yotereyi ingathe kukhala miyezi osapatsira inzake. Koma tsiku lina mudzaiyendetsa ulendo wautali kupita ku msika, kapena mudzaimanga pa goli mu Novembala pamene udzu watha ndipo yafooka ndi njala, kapena idzadwala nthenda ina. Pamenepo thumba lija lingathe kuboola, tizilombo n'kutulukira m'njira ya mpweya, ndipo ng'ombeyo iyamba kutsokomolera zinzake. Palinso zina zimene zimagwidwa pang'ono chabe, osaonetsa chizindikiro chimene mbusa angaone, koma zikutulutsa tizilombo m'mphuno. Umo ndimo nthenda imathera m'mudzi mwezi wa Epulo n'kudzukanso mu Disembala, anthu n'kumati yachokera kuti, kapena n'kuyamba kulozana zala za ufiti pachibale.

Chibayochi sichiyenda ndi nkhupakupa, sichiyenda ndi ntchentche, ndipo sichiyenda ndi nyama yogulitsa pa msika. Chimayenda ndi mpweya wa ng'ombe yotsokomola pafupi ndi inzake. Choncho taganizani malo onse amene ng'ombe za makola osiyana zimagundana mphuno: pa chitsime kapena pa damu m'chilimwe, ku dibi, pa msika wa ng'ombe, kudambo kumene abusa a midzi itatu amasakaniza ziweto kuti apeze mpata wosewera. Taganizaninso miyambo yathu yabwino. Munthu amaikiza ng'ombe kwa mlamu wake ku mudzi wina. Kumene kuli malowolo ng'ombe zimachoka khola lina kupita lina. Mnansi amabwereka nkhunzi, kapena ng'ombe zolimira. Sindikunena kuti zimenezi zileke. Ndikunena kuti ng'ombe iliyonse yolowa m'mudzi ikhale yodziwika kumene yachokera, ndiponso kuti khola la kumeneko lili bwanji.

Ndipo chenjerani ndi ng'ombe yotsika mtengo. Munthu amene waona kuti m'khola mwake mwalowa nthenda amafuna kugulitsa msanga zimene zikali kuyenda. Sabwera nazo masana, ndipo alibe kalata. Mukagula ng'ombe yaikulu pa mtengo wa thole, dzifunseni chimene mwagula.

Kwa inu mafumu ndi nyakwawa ndipempha izi. Lamulo la Boma likuti ng'ombe siichoka dera lina kupita lina popanda kalata ya chilolezo yochokera ku ofesi ya ziweto, ndipo siilowa m'dziko muno popanda chilolezo. Funsani kalatayo, ngakhale wobweretsa ng'ombeyo ali mphwanu. Ndidziwa kuti n'kovuta kufunsa kalata kwa munthu amene mudya naye mbale imodzi, koma n'kovuta koposa kudzaima pa bwalo kufotokozera mudzi wonse chifukwa chimene makola atsekedwa. Ng'ombe yachilendo ikhale payokha, idye payokha ndi kumwa payokha, kufikira mlangizi ataiona n'kunena nthawi yoisakaniza. Ng'ombe ziwiri kapena zitatu zikayamba kutsokomola ndi kubanika m'khola limodzi, khola limenelo lisapite ku dibi, ku msika kapena ku chitsime cha onse, ndipo uthenga upite ku ofesi ya ziweto. Musalole mwini wake kuthawitsa zotsalazo usiku kupita nazo kwa achibale. Iye amayesa kuti akuzipulumutsa, koma zina mwa izo zalandira kale tizilombo ndipo zidzadwalira kumeneko.

Katemera alipo. Amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri mu Africa amatchedwa T1/44, ndipo mphamvu yake imakhala pafupifupi chaka chimodzi, kotero kumene nthendayi ili amabwereza chaka ndi chaka. Ng'ombe zina zimatupa pamene zabayidwa, ndipo zotere zifunika kuonedwa ndi dokotala. Katemerayu sagulidwa pa sitolo. Ndi Boma limene limalamula nthawi ndi malo oti aperekedwe. Likalamula, bweretsani ng'ombe zonse. Wobisa ng'ombe zisanu kuthengo poopa kuti aziwerenga waononga ntchito ya mudzi wonse. Za mankhwala, alipo monga oxytetracycline ndi tylosin amene amafooketsa tizilomboti, ng'ombe n'kupeza bwino. Koma jekeseni imodzi kapena ziwiri zobaya mwini wake mongoyerekeza muyeso zimangophimba zizindikiro. Ng'ombe yotere imaoneka yochira, ndipo mwamva kale za ng'ombe yochira. Maganizo anga ndi akuti ng'ombe imene yadwala chibayochi n'kudzuka isasungidwe kuti ibereke kapena igulitsidwe yamoyo. Malo ake ndi kophera nyama, dokotala ataiona.

Tisiye ng'ombe, tipite kuseri kwa nyumba kumene kuli nkhuku, pakuti si aliyense ali ndi ng'ombe koma nkhuku zili pakhomo lililonse. Amayi, apa mutchere khutu. Nkhuku zili ndi Mycoplasma wawo, woyambitsa chimfine chosatha. Nthenda imeneyi ili m'maiko onse oweta nkhuku, ndipo ambiri a inu mwaiona popanda kudziwa dzina lake. Nkhuku imayetsemula ndi kupukusa mutu, m'mphuno mumatuluka timadzi, m'kona mwa diso mumaoneka thovu, ndipo zina zimatupa pansi pa maso. Zimapukutira nkhope pa mapiko, kotero nthenga za paphewa zimada ndi kumatana. Nthawi yabwino yodziwira ndi usiku. Pitani ku khola nkhuku zitagona, muime chete. Mukamva kulira kwa m'khosi ngati munthu akukoka madzi otsiriza ndi bango, chimfine chalowa. Nkhukundembo ndizo zimatupa kwambiri, nkhope yonse, mpaka maso kutsekeka.

Kusiyana kwake ndi chitopa n'koonekeratu. Chitopa chimapha zambiri pa masiku ochepa, nkhuku zimatsegula m'mimba zobiriwira ndipo zina zimapotoka khosi. Chimfinechi pachokha sichipha zambiri. Chimangodya phindu lanu pang'onopang'ono kwa miyezi: mathadzi amachepetsa mazira, mazira ofungatira ambiri amasukusa, anapiye amakula mokwinimbira, ndipo nkhuku zanyama zimadya chakudya osalemera. Chimapha pamene tizilombo tina tapeza njira yotseguka kale n'kulowa pambuyo pake. Mukapha nkhuku yotere, onani timatumba ta mpweya tam'kati mwa chifuwa ndi m'mimba. Mu nkhuku yabwino ndi toonekera ngati pepala la pulasitiki. Mu yodwala ndi totuwa, ndipo muli zinthu zachikasu zonga mkaka wogona, zimene nthawi zina zimakuta mtima ndi chiwindi. Ulipo mtundu wina wa Mycoplasma wa nkhuku umene umatupitsa mfundo za miyendo ndi kuphazi, nkhuku n'kumangokhala pansi.

Pa nkhuku nkhani ya chochira ndi yolimba koposa pa ng'ombe. Nkhuku ikagwidwa kamodzi imasunga tizilomboti moyo wake wonse. Mankhwala osungunula m'madzi akumwa, monga tylosin kapena oxytetracycline, amaletsa kuyetsemula koma samachotsa tizilombo tonse. Kukazizira mu Juni ndi Julayi, kapena mukazipanikiza m'khola lafumbi, lonunkha zitosi mpaka kuwawa m'maso, chimfine chimabwerera. Chinanso n'chakuti thadzi limapatsira mwanapiye kupyolera m'dzira, kotero anapiye ena amaswedwa ali nayo kale nthenda. Chifukwa chake musafungatitse mazira a thadzi la chimfine, ngakhale likhale loikira bwino chotani, ndipo musapatse mnzanu msoti wochokera m'khola lotere kuti akayambire kuweta. Nkhuku yogula pa msika, kapena tambala wopatsidwa ndi alendo, akhale payekha masabata atatu kapena anayi. Nkhuku imene munapita nayo ku msika osagulidwa, yabwerako ili mlendo; nayonso ikhale payokha. Tizilomboti tingakhale pa nthenga, pa zovala ndi pa madengu masiku awiri kapena atatu, choncho wogula nkhuku aime panja, asalowe m'khola. Inu oweta nkhuku zambiri zogulitsa, gulani anapiye kwa oswetsa odziwika, gulitsani gulu lonse nthawi imodzi, tsukani khola ndi kulisiya lopanda kanthu masabata awiri musanaike ena. Ndipo mukapereka mankhwala, werengani pa pepala lake masiku oyenera kudikira musanadye mazira kapena nyama.

Mbuzi nazo zili ndi chibayo chawo chopatsirana, chimene kachilombo kake kanapezeka ku Kenya mu 1976, ndipo chiliko ku Tanzania. Ichi n'chachangu: chikalowa m'khola latsopano chimagwira pafupifupi mbuzi zonse ndi kupha zoposa theka. Zizindikiro zake ndi zonga za ng'ombe, ndipo malangizo ake ndi omwewo. Nkhumba zili ndi chifuwa chouma chimene sichipha kawirikawiri koma chimachedwetsa kukula. Mukaona nkhumba za msinkhu umodzi zina zazikulu zina zopinimbira, ndipo zikutsokomola pozidzutsa m'mawa, itanani mlangizi.

Ndinalonjeza kunena za anthu. Mycoplasma wa anthu sachokera ku ziweto; timapatsirana tokhatokha potsokomola ndi poyetsemula. Kachilombo kake kanapezeka mu 1944 ku America, ndipo mu 1962 ndi pamene kanadziwika kuti ndi ka mtundu umenewu. Kamakonda ana a sukulu ndi achinyamata, makamaka kumene anthu amagona ambiri m'chipinda chimodzi, monga m'sukulu zogonera komweko. Munthu akalandira pamapita sabata imodzi kufikira anayi asanadwale. Amayamba ndi mutu, zilonda za pakhosi, kutentha thupi pang'ono ndi kutopa, kenaka chifuwa chouma chimene chimakhala masabata atatu, anayi kapena kupitirira. Ambiri sagona nacho, amapita ku munda ndi ku sukulu akutsokomola, ndipo m'nyumba chimayenda pang'onopang'ono, mwana uyu mwezi uno, mlongo wake mwezi wamawa. Owerengeka amatuluka zidzolo pakhungu, kapena zilonda m'kamwa ndi kufiira maso. Wotere apite ku chipatala msanga. Ambiri amachira okha, ndipo kwa amene chawakulira mankhwala ake alipo ku chipatala. Koma kumbukirani za chigoba zija: makapisozi a amoxicillin ogula pa golosale sachita kanthu pa kachilombo aka.

Kodi kamasiya matenda okhalitsa mwa munthu monga mwa ng'ombe? Chimene madokotala atsimikiza ndi chakuti munthu wa mphumu akagwidwa, mphumu yake imakula, ndipo ana ena amayamba kubanika koyamba atadwala chifuwa chimenechi. Ngati kachilomboka ndiko kamayambitsa mphumu yeniyeni, akatswiri akali kufufuza. Ulipo mtundu wina, umene unapezeka mu 1981, wopatsirana pogonana. Umatha kukhala mwa munthu nthawi yaitali osaonetsa kanthu, ndipo mwa amayi ungathe kutupitsa ziwalo zoberekera. Wakumva kuwawa pokodza kapena kupweteka pachinena kosatha apite ku chipatala pamodzi ndi mnzake wa m'banja. Kupitirira apo, mudzamva anthu ena, makamaka ogulitsa mankhwala pa intaneti ndi m'misika, akunena kuti Mycoplasma ndiye gwero la kutopa kosatha, nyamakazi ndi matenda ena ambiri, ndipo kuti munthu amwe mankhwala miyezi yambiri. Zimenezo sizinatsimikizidwe, ndipo kumwa mankhwala otere popanda dokotala kumaononga thupi ndi kulimbitsa tizilombo tina.

Kwathu kuno, munthu akatsokomola masabata awiri, chinthu choyamba kuganizira ndi chifuwa chachikulu, makamaka ngati akuonda, akutuluka thukuta usiku kapena akulavula magazi. Asakhale pakhomo n'kumati ndi kachifuwa kaja anakamba pa wailesi. Apite akapimitse makhololo, pakuti kupima ndi mankhwala a chifuwa chachikulu m'zipatala za Boma n'zaulere. Mafumu, mukamva munthu wotere m'mudzi mwanu, muuzeni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti akamuyendere.

Nthawi yathu yatha. Amene ali ndi funso pa ng'ombe kapena nkhuku zake akafunse mlangizi wa ziweto pa tsiku la dibi, kapena ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lake. Tsalani bwino nonse.